Wodzagonetsa mayi wa kwa Nazombe akuyesedwa bwanji?

Wodwala akatuluka ku fiyeta ali moyo, achibale amathamangira kukathokoza dokotala amene anagwira mpeni. Ngati pali nkhuku kapena kathumba ka mpunga, zimapita kwa iyeyo. Koma kumutu kwa wodwalayo kumakhala munthu wina amene dzina lake sitifunsa n'komwe, uja amene amamugonetsa, kumupumira pamene iye sangathe kupuma yekha, ndi kumudzutsanso opaleshoni ikatha. Wogwira mpeni akalakwitsa, kawirikawiri pamakhala nthawi yokonza. Wogonetsa akalakwitsa pa nkhani ya mpweya, mphindi zisanu zokha n'zokwanira kuti ubongo uwonongeke, ndipo ubongo ukawonongeka palibe sitolo imene mungakagule wina.

Tsono funso lathu lero ndi ili: mwana wathu amene akuphunzira udokotala akamadutsa ku dipatimenti yogonetsa odwala, amayesedwa bwanji kuti aphunzitsi ake anene kuti uyu wakhoza? Ena munena kuti imeneyo ndi nkhani ya maprofesa, ife ogulitsa kaunjika mu Limbe ikutikhudza pati? Dikirani kaye abale. Ambiri a ife amene tili m'tauni muno tinasiya mlongo, mlamu kapena mkazi kumudzi. Inu amene mumakapikula nandolo ku Chiringa, kwa mfumu yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, mukuwadziwa amayi a kumeneko. Mayeso akulembedwa ku Blantyre, inde, koma wodzalawa zotsatira zake ndi mayi wa kumeneko, pakati pa usiku, mwana atapingasa m'mimba.

Chipatala chaching'ono cha kumudzi sichichita opaleshoni. Mzamba akaona kuti matenda akanika, amalemba kalata ndi kuitana ambulansi. Ikakhala kuti yapita kwina kapena mafuta mulibe, achibale amasonkha ya njinga yamoto kapena ya matola. Pofika pa chipatala chachikulu mayi uja amakhala atavutika maola ambirimbiri, madzi atamuthera m'thupi, mwina akutaya magazi, mwinanso magaziwo anali ochepa kale chifukwa cha malungo ndi kuperewera kwa zakudya. Munthu wotereyu ndi wovuta kumugonetsa kusiyana ndi bwana amene wabwera pa galimoto yake kudzachotsetsa kachotupa pa tsiku limene anapangana ndi dokotala.

Boma la Phalombe linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, koma kwa zaka zoposa 20 linakhala lopanda chipatala chachikulu cha boma. Amene anasenza mtolo wonsewo anali a chipatala cha mishoni cha Holy Family. Mu 2022 chipatala chatsopano chinatsegulidwa ku Migowi, ndipo anthu a m'bomali, amene pa kalembera wa 2018 anapitirira 400,000, mitima yawo inakhalako pansi. Koma nyumba yokongola sigonetsa munthu. Tisaiwalenso zimene zinachitika mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho, monganso anachitira Napolo wa mu 1991 potsika m'phiri la Michesi. Pa masiku otero palibe zoti titumize wodwala ku Gulupu kapena ku Zomba. Amene ali pa ntchito usiku umenewo ndiye chipatala chonsecho.

Tinene chilungamo. M'zipatala za m'maboma muno amene amagonetsa odwala kawirikawiri si madokotala a digiri ayi. Ndi ma clinical officer amene anawonjezera maphunziro a ntchito imeneyi. Sukulu yawo inayamba ku chipatala cha Gulupu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi Dr Paul Fenton wa ku Britain, ndipo kosi yake inali ya miyezi 18. Madokotala akadaulo a ntchitoyi ndi owerengeka, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Sukulu ya udokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira udokotala, kuno ngakhale kunja, ku dipatimenti yogonetsa amangokhalako masabata owerengeka, pamene ku mawodi a ana, a amayi ndi a opaleshoni amakhalitsako.

Nanga ngati ntchitoyi ili ndi eni ake, tikuvutikiranji ndi mayeso a munthu wongodutsa? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, mnyamata kapena mtsikana yemweyu akamaliza sukulu ndi miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa, atha kutumizidwa ku boma ngati la Phalombe, kumene amakasanduka bwana wa fiyeta yonse. Iyeyo ndiye amagamula kuti mayi uyu alowe pompano kapena ayambe walandira dilipi ndi magazi. Chachiwiri, wogonetsa naye ndi munthu, amadwala, amapita ku maliro, ndipo alibe manja anayi. Mayi akasiya kupuma pamene mwana wotuluka kumene nayenso sakulira, aliyense amene ali m'chipindamo ayenera kudziwa chochita. Chachitatu, opaleshoni ikatha wogonetsa amatsala ku fiyeta kulandira wodwala wina, ndipo mayi uja amapita ku wodi, m'manja mwa dokotala ndi anamwino. Kumeneko ndiye kuli dzenje lalikulu.

Umboni wake tili nawo, ndipo ndi wa konkuno. Pakati pa 1998 ndi 2000, ogonetsa 45 a m'zipatala 25 za m'dziko muno analemba mwatsatanetsatane za maopaleshoni 8,070 otulutsa mwana. Dr Fenton ndi anzake anasindikiza zotsatira zake mu British Medical Journal mu 2003. Amayi 85 anamwalira, ndiye kuti mmodzi pa amayi 100 alionse. Mwa amenewa, ambiri anafera ku wodi, opaleshoni itatha kale. Ana amene anamwalira pobadwa kapena m'masiku atatu oyambirira anali 11 pa 100 alionse. Ndipo pamene wogonetsa anali wa maphunziro ochepa, chiopsezo choti mayi amwalire chinali pafupifupi katatu poyerekeza ndi pamene panali wophunzitsidwa mokwanira.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale. Zoona, zambiri zasintha. Kafukufuku wa boma wa mu 2000 anapeza imfa za amayi 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo, pamene wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 439. Koma mu 2018 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa odwala oposa 11,000 a m'maiko 25 a mu Africa, ndipo nkhani inali yomwe ija. Odwala athu, ngakhale anali achichepere poyerekeza ndi a m'maiko olemera, chiopsezo chawo chomwalira atachitidwa opaleshoni chinali chowirikiza kawiri poyerekeza ndi cha dziko lonse lapansi, ndipo imfa 94 pa 100 zilizonse zinachitika tsiku la opaleshoni litadutsa kale. Anthu athu ambiri akufa chifukwa palibe amene anaona msanga kuti zinthu zayamba kutembenuka.

Tsopano tibwere ku mayesowo. Mu 1990 mphunzitsi wina wa madokotala ku America, George Miller, anagawa luso la dokotala m'masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa kuti ungathe, ndi kuchichita pa ntchito yeniyeni. Dalaivala aliyense wa minibasi angakuuzeni zomwezo popanda digiri. Kuloweza zikwangwani za pamsewu ndi china. Kufotokoza m'mene amasinthira giya ndi china. Kuzungulira migolo pa bwalo la sukulu yoyendetsa galimoto ndi china. Koma kutsetsereka nayo yodzaza anthu pa mapiri a msewu wa ku Chikwawa, mvula ikugwa, imeneyo ndi nkhani ina. Inu mungakwere ya dalaivala amene anakhoza zikwangwani zokha?

Njira yoyamba yoyesera wophunzira ndi mayeso olemba, makamaka aja osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D. Tisawanyoze. Munthu wosadziwa mlingo wa mankhwala ndi chigawenga chovala zoyera, ndipo mayeso olemba sakondera, pakuti pepala silidziwa kuti uyu ndi mwana wa nduna. Koma amathera pa sitepe yachiwiri. Njira ina ndi mayeso a pakamwa, pamene wophunzira amakhala moyang'anizana ndi aphunzitsi n'kumayankha mafunso. Apa mwayi umalowerera kwambiri. Wina afunsidwa zofewa, wina zolimba. Wina apeza woyesa atamwa tiyi, wina amupeza atakwiya. Ndipo wolankhula Chingerezi cha m'mphuno amaoneka wodziwa, pamene mnzake wa manja abwino koma wachibwibwi amaoneka mbuli.

Pofuna kuthetsa zimenezi, Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee ku Scotland anabweretsa mu 1975 mayeso amene lero amatchedwa OSCE, ndipo ophunzira athu amawadziwa bwino. Wophunzira amazungulira matebulo angapo, pa tebulo lililonse mphindi zowerengeka, belu likalira n'kusuntha. Apa apeza chidole choti achipumire, apo apeza munthu wonamizira kudwala woti amufunse mafunso, apo apeza chida choti achilumikize. Aliyense amakumana ndi mafunso ofanana, ndipo woyesa amachonga pa mndandanda wolembedwa kale. Imeneyi ndi sitepe yachitatu, ndipo ndi yabwino ndithu. Komabe chidole sichisanza, sichitaya magazi, chilibe apongozi amene akulira pakhomo, ndipo pa tsiku la mayeso magetsi sazima.

Sitepe yachinayi imayesedwa njira imodzi yokha: mphunzitsi aime pambali, aone ndi maso ake wophunzira akugwira wodwala weniweni, alembe zimene waona, ndipo amuuze pomwepo pamene wakhoza ndi pamene wapotoza. Ku America bungwe loyesa madokotala a matenda a m'thupi linayamba kuyeserera njira imeneyi m'zaka za m'ma 1990 pa dzina loti mini-CEX, ndipo ku Britain ali ndi ina yotchedwa DOPS yoyesera ntchito za manja. Maina asatiopseze. Ndi zomwe amachita telala pophunzitsa mwana wa mlongo wake: amamuyang'ana akudula nsalu, ndipo sampatsa suti ya ukwati wa munthu kufikira atakhutira. Chinsinsi chake n'choti kuyang'anako kuchitike kangapo, ndi anthu osiyanasiyana, pa odwala osiyanasiyana.

Apa ndiye pamalowa kabuku kaja kamene ophunzira amayenda nako m'thumba la gauni, kolembamo ntchito zimene agwira ndi kusainitsa kwa amene anawayang'anira. Kabuku kameneka ndi kabwino ngati eni ake ali oona mtima. Koma kulikonse kumene kamagwiritsidwa ntchito, matenda ake ndi amodzi. Wophunzira amene anangoima kumbuyo kusuzumira amatha kulemba kuti ndinachita. Mphunzitsi wotopa amatha kusaina masamba khumi nthawi imodzi pa tsiku lomaliza, nkhope ya mwini kabukuyo asakuikumbuka n'komwe. Ife a Malawi tisanamizire kudabwa. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana anakalembanso mu Januwale 2021. Mwana amene anakula akuona likasa likupulumutsa anzake sasanduka mngelo chifukwa chovala gauni yoyera. Kusiyana kwake n'kwakuti likasa la jogalafe silipha munthu, pamene siginecha yabodza ya kupumira wodwala imakathera kumanda.

Palinso bodza lina limene tiyenera kulipewa, loganiza kuti masabata ochepa angatulutse wogonetsa. Mu 1998 Konrad ndi anzake ku Switzerland anatsatira madokotala oyamba kumene ntchitoyi kuti aone kuti luso limabwera liti. Anapeza kuti kulowetsa paipi ya mpweya pakhosi kumafuna kuyesera pafupifupi ka 57 kuti munthu azikhoza ka 9 pa maulendo 10 alionse, ndipo jakisoni wa pamsana amafuna ka 71. Wophunzira wongodutsa sangafike pamenepo ngakhale atamagona ku fiyeta komweko. Tsono kumupatsa malikisi chifukwa analowetsa paipi katatu, mphunzitsi atamugwira dzanja, ndi kumunamiza. Adzapita ku boma akudziyesa katswiri, ndipo dokotala wodziyesa katswiri ndi woopsa kuposa amene akudziwa pamene nzeru zake zalekeza.

Choncho mayeso a masabata amenewa afunse zochepa, koma azifunse mopanda chisoni. Choyamba ndi kupumira munthu. Wodwala wakomoka, lilime lagwera kukhosi. Kodi wophunzirayo angakweze chibwano, kuvundikira chipangizo cha mpweya pamphuno ndi pakamwa osasiya mpata, kufinya thumba lake, ndi kuona chifuwa chikukwera ndi kutsika? Luso limeneli limaphunzirika m'masabata ochepa, ndipo limasunga moyo kufikira wodziwa atafika. Pa ichi pasamakhale zophatikiza malikisi. Munthu asamakhoze chifukwa anapeza 80 pa pepala pamene thumba lija linamukanika. Walephera ichi, walephera zonse, abwereze basi.

Chachiwiri ndi kukonzekeretsa wodwala. Kupeza mtsempha wa dilipi pa mkono wa mayi amene magazi amuthera, misempha itabisala, ndi ntchito ya manja imene iyenera kuonedwa ndi maso. Komanso pali kufunsa. Mwadya nthawi yanji mayi? Munayamba mwachitidwapo opaleshoni? Kumudzi anakumwetsani chiyani matenda atayamba? Funso lomalizali m'mabuku a ku London mulibe, koma mzamba aliyense kuno akudziwa za mwanamphepo ndi mankhwala ena achikuda ofulumizitsa matenda, ndipo mayi sangaulule kwa munthu amene akumukalipira. Mayeso athu amayendera Chingerezi, pamene mayi wa kwa Nazombe amalankhula Chichewa, ndipo agogo amene amuperekeza mwina akusakaniza ndi Chilomwe. Pakhale tebulo limodzi pamene wophunzira afotokozere munthu wamba, m'chilankhulo chathu, zimene jakisoni wa pamsana adzamuchite, ndipo wopereka malikisi pa tebulo limenelo akhale munthu wambayo.

Chachitatu ndi jakisoni wa pamsana yemweyo. Kubaya kwake n'kwa eni ntchito, koma zotsatira zake dokotala aliyense azidziwe ngati dzina lake. Mankhwala akalowa, thupi limachita dzanzi kuyambira cha m'chifuwa kutsika, misempha ya magazi imatakasuka, ndipo BP imagwa. Mayi woyembekezera amafunika kumupendeketsa pang'ono chakumanzere kuti chiberekero chisapsinje mtsempha waukulu, dilipi iziyenda, ndipo mankhwala okweza BP ngati ephedrine akhale ali kale mu sirinji. Mankhwala akakwera kupitirira muyeso, mayi amayamba kudandaula kuti manja akulemera, mawu amachepa, kenaka kupuma kumaima. Kafukufuku wa Fenton uja anapeza kuti kugonetsa thupi lonse kunali ndi chiopsezo choposa kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi jakisoni wa pamsana, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti odwalitsitsa ndi amene kawirikawiri amagonetsedwa thupi lonse. Wophunzira afunsidwe kuti ndi mayi uti woyenera jakisoniyu, ndipo ndi uti amene angamuphe, monga amene wataya magazi ambiri.

Chachinayi, chimene chimaiwalika kawirikawiri, ndi ku wodi. Ngati ambiri mwa amayi 85 aja anafera kumeneko, mayeso amene amathera pakhomo la fiyeta akulondera khomo lolakwika. Wophunzira apatsidwe tchati cha mayi amene anachitidwa opaleshoni maola atatu apitawo. Mtima ukugunda mofulumira kusiyana ndi ola lapitalo, BP ikutsika pang'onopang'ono, mkodzo m'thumba ndi wochepa, m'zikope mwayera, mayiyo akupempha madzi pafupipafupi. Achite chiyani, ndipo ayambe chiti? Amene ayankhe kuti tidzamuona pa raundi ya m'mawa walephera, chifukwa mayi ameneyu akutayira magazi m'kati ndipo m'mawa sadzafika. Usiku umodzi kapena uwiri wolondera odwala otuluka ku fiyeta, kulemba ma BP ndi dzanja lake pamodzi ndi anamwino, uziwerengedwa m'malikisi mofanana ndi tsiku la ku fiyeta.

Chachisanu ndi kugwira ntchito m'Malawi weniweni. Mabuku amati munthu woperewera mpweya milomo yake imabiriwira, koma pa khungu lathu lakudali zimenezi zimaoneka mochedwa. N'chifukwa chake kachipangizo kopanira pa chala koyeza okosijeni m'magazi kali kofunika zedi. Bungwe la WHO linakaika pa mndandanda wake wa chitetezo cha opaleshoni mu 2008, ndipo bungwe la Lifebox, limene linayamba mu 2011, lagawa tizipangizo timeneti m'zipatala za maiko osauka, Malawi ali momwemo. Wophunzira aonetse kuti nambala ikatsika pansi pa 90 amayamba kuyang'ana wodwala, mpweya ndi paipi, osati kumenya kachipangizoko poganiza kuti kafa. Afunsidwenso kuti magetsi akazima, jenereta n'kukana kulira, silinda ya okosijeni ili gwa, achita chiyani. Dr Fenton yemwe uja, poona mavuto a ku Gulupu, anakonza makina ogonetsera otchedwa Universal Anaesthesia Machine, amene amadzipangira okosijeni kuchokera mu mpweya wamba ndipo magetsi akazima amatha kupitiriza ndi mpweya wa m'chipinda. Ngati makina anakonzedwa poganizira mavuto athu, mayeso alekerenji?

Chomaliza ndi kuitana thandizo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'masukulu athu wophunzira wonena kuti sindikudziwa amasekedwa, choncho amaphunzira kubisa umbuli wake. Ku fiyeta khalidwe limeneli ndi lakupha. Pa mndandanda wa woyesa pakhale mzere wonena kuti anaitana wamkulu pa nthawi yake, ndipo mzere umenewo ulemere kuposa wa kutchula maina a mankhwala khumi.

Nanga woyesa akhale ndani? Apa pali nkhani imene ambiri amaizemba. Amene amaima ndi wophunzira tsiku ndi tsiku kumutu kwa wodwala nthawi zambiri ndi clinical officer wogonetsa, munthu amene wabaya misana masauzande. Iyeyo ndiye amadziwa kuti uyu manja ake ndi odekha, uyu amathawa ikakwana 12 koloko, uyu amanyoza anamwino. Mawu ake azilowa m'malikisi mwalamulo, aphunzitsidwe kayesedwe, ndipo ntchito yophunzitsayo iziwerengedwa pa malipiro ndi pokwezedwa pa ntchito. Mtima woti wa dipuloma sangayese wa digiri ndi matama chabe, ndipo wophunzira amene waphunzira kulemekeza wogonetsa ali pa sukulu adzamumvera akadzamuuza ku boma kuti adokotala, mayi uyu tisamuyambe tisanapeze magazi. Kuchuluka kwa oyesa kumatetezanso wophunzira. Tsogolo la mwana wa munthu likakhala m'manja mwa mphunzitsi mmodzi, kukondera ndi kuopseza kumapeza polowera, makamaka kwa atsikana. Pakakhala oyesa asanu, chidani cha mmodzi sichingamugwetse, ndipo chikondi cha mmodzi sichingamukweze.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo tizimve. Akuti aphunzitsi ndi ochepa, odwala ali pa mzere, nthawi yoyang'ana wophunzira aliyense ichokera kuti? Ndi zoona kuti ogonetsa athu ndi olemedwa. Koma wophunzirayo ali kale m'chipindamo, ndipo wogonetsa akumuyang'ana kale, pakuti sangamusiyire wodwala. Chowonjezera ndi pepala limodzi ndi mphindi zisanu zokambirana, tsiku lomwelo, zinthu zisanaiwalike. Chimene chimadya nthawi ndi mafomu a masamba asanu okopera ku maiko ena. Tikonze athu, aafupi, a mafunso amene mayi wa kumudzi angawavomereze atawamva.

Akutinso dziko lino lili ndi madokotala ochepa, tsono kulepheretsa ophunzira ndi kudzibaya tokha. Koma palibe amene akunena zochotsa munthu sukulu. Wolephera kupumira chidole abwerere sabata imodzi kapena ziwiri, ayeserenso, akhoze. Sabata ziwiri za wophunzira n'zotchipa kuposa bokosi la maliro ndi ana amasiye. Chofunika n'choti malamulo a masewerawa adziwike pa tsiku loyamba: izi ndi zimene tidzakuyesani, umu ndi m'mene tidzachongere, ndipo mukalephera mwayi wobwereza ulipo. Mayeso obisalira munthu pa ngodya ngati apolisi a pamsewu saphunzitsa kanthu, amangobala mantha ndi likasa.

Mfundo yachitatu ndi yolemera kuposa zonsezi. Kodi osauka amene amagona m'zipatala za boma asanduke zophunzirira za ana a anzawo? Palibe dokotala padziko lapansi amene anaphunzira popanda kugwira munthu, koma pali dongosolo lake. Wophunzira ayambe wakhoza pa chidole asanakhudze munthu. Wodwala auzidwe kuti pali wophunzira, ndipo akakana kukana kwake kulemekezedwe. Mphunzitsi akhale pompo, dzanja lili chire. Zidole zophunzirira zimafuna ndalama, inde, koma sizidwala, sizilandira alawansi, ndipo chimodzi chimaphunzitsa magulu ambirimbiri. Dziko limene limapeza ndalama za masemina a kunyanja silinganene kuti za zidole zasowa.

Mpira uli kwa ndani tsono? Sukulu zophunzitsa madokotala ndi ma clinical officer zilembe poyera maluso ochepa amene wophunzira aliyense ayenera kuonetsa pamaso pa woyesa asanachoke ku dipatimenti yogonetsa, ndipo gawo lina la kuyesako lizichitikira ku zipatala za m'maboma, kumene ntchito yeniyeni ikuwadikira. Bungwe la Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987 ndipo ndi limene limalemba m'kaundula madokotala ndi ma clinical officer, lizifuna umboni woti maluso amenewa anaonedwa ndi maso, ndipo lizionanso pakapita zaka ngati sanachite dzimbiri. Aphungu a ku Phalombe, pamene akufunsa za milatho ndi makuponi a feteleza, afunsekonso kuti m'boma lawo muli ogonetsa angati, ndipo mmodzi akapita ku tchuthi amatsala ndani.

Inu ophunzira, kabuku kaja musakaone ngati msonkho wopereka kuti mudutse pa chipata. Mzere uliwonse umene mwasainitsa osachita ndi ngongole, ndipo idzakupezani nokha usiku wina, kutali ndi Gulupu, foni ya amene anakusainirani isakupezeka. Pemphani kuti akuyang'aneni. Kuuzidwa lero kuti chibwano simunakweze bwino n'kowawa pang'ono, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo inu a malonda, amene misonkho yanu ya pamsika ndi ya pachipata imalipira maphunziro amenewa, muli ndi ufulu wofunsa. Mbale wanu akamalowa ku fiyeta, funsani mwaulemu kuti womugonetsa ndi ndani, ndipo akatuluka amuyang'anira ndani usiku. Mukaona akuyera m'maso, akutuluka thukuta lozizira kapena akulankhula zosamveka, musadikire kuti kuche, kaitaneni namwino msanga. Pa 16 Okutobala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku limene William Morton anaonetsa poyera kugonetsa munthu ndi ether ku Boston mu 1846. Chiyambire tsiku limenelo kugonetsa munthu sikunakhale kovuta kwenikweni. Chimene chimafuna sukulu ndi kumudzutsa ali bwinobwino ndi kumulondera mpaka kuche, ndipo mayeso athu aziyesa chimenecho.